Miyambi yochenjeza za phindu: ndi nzeru, kapena yongotonthozera osauka?

Kafadala
Anzanga, pali nkhani imene imandisowetsa mtendere, ndipo ndikufuna tikambirane mosapsatira. Munthu ukangoti usuntheko pang'ono, ukulitse bizinesi kapena ulowe ntchito ya malipiro abwino, salephera kupezeka wina wokuuza kuti "walira mvula walira matope", kapena "mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi". Koma ukawayang'ana onenawo, ambiri sanagwirepo phindu looneka m'manja mwawo. Ndiye ndikufunsa: mawu amenewa ndi nzeru zenizeni, kapena anawapeka osauka kuti azidzitonthoza akamaona anzawo akulemera? Kwa ine phindu ndi phindu. Wagula, wagulitsa, zotsala ndi zako. Mtengo wobisikawo uli pati?

Tsokonombwe
Mwalasa achimwene. Umphawi nawonso uli ndi mtengo wake, ndipo ndi wokwera kwambiri, koma ochenjezawo satchula zimenezo.

Nangondo
Amatchula. Akulu omwewo ndi amene anati kanthu n'khama. Sanaletse munthu kufuna mvula, anangoti ukaifuna konzekera ndi matope omwe.

Wowerengera
A Kafadala, mawu anu akuti "zotsala ndi zako" ndi pamene anthu ambiri amagwera. Ine ntchito yanga ndi yolemba mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono, ndiye ndikuuzeni zimene ndimaona.

Panali bambo wina amene anali ndi galimoto yonyamula katundu. Madzulo aliwonse ankakhala pansi ndi kope lake, n'kulemba zimene wapeza, n'kuchotsa za mafuta, zotsalazo n'kuzizunguliza ndi cholembera chofiira kuti phindu. Kopelo linali laukhondo, tsamba lililonse lili ndi chizungulire chofiira, ndipo munthuyo sanali waulesi kapena womwa mowa. Koma m'kopemo munalibe matayala amene ankaperepeseka tsiku ndi tsiku, munalibe injini imene inkakalamba, munalibe malipiro ake iye mwini monga dalaivala, munalibenso nthawi ya mkazi wake amene ankakhalira kuyankha foni za makasitomala kwaulere. Makasitomala amene anatenga pangongole osabweza ankawawerengerabe ngati ndalama zimene zikubwera. Tsiku limene injini inafa, analibe ngakhale theka la ndalama yogulira ina. Zimene ankazitcha phindu zaka zonsezo inali galimoto yake yomwe, ankaidya pang'onopang'ono osadziwa.

Ndiye musanati mwapindula, chotsani kutha kwa zipangizo, chotsani malipiro anu, chotsani ngongole zimene mukudziwa mumtima kuti sizidzabwera, kenako mudzifunse kuti mpamba womwewo ndi nthawi yomweyo zikanakupatsani chiyani kwina. Ambiri akatero amapeza kuti amangozungulira pamodzimodzi.

Kafadala
Ndamva a Wowerengera, ndipo zikomo. Koma apo ndiye vuto ndi masamu, osati phindu. Munthu wodziwa kuwerengera bwino ndiye kuti wapulumuka, miyambi sakuifunanso.

Mphunzitsi_wopuma
Mwana wanga Kafadala, pali zina zimene sizilowa m'kope ngakhale wolembayo akhale katswiri. Kale kunali mfumu ya ku Epirus, dera la ku Girisi wakale, dzina lake Pyrrhus, imene inawoloka nyanja kukamenyana ndi Aroma ku Italy. Inawagonjetsa ku Heraclea mu 280 BC, n'kuwagonjetsanso ku Asculum mu 279 BC. Ukawerenga monga mukuwerengera inumu, nkhondo ziwiri, kupambana kuwiri. Koma m'nkhondo zimenezo anataya akuluakulu a asilikali ake ndi ankhondo odziwa ntchito amene anachoka nawo kwawo, anthu oti sakanawapezanso kudziko lachilendo. Aroma anali kwawo, akafa ena ankangolemba ena. Olemba mbiri amati iye mwini ananena kuti akapambananso kamodzi mwa njira yomweyo, ndiye kuti watheratu. Pofika 275 BC anabwerera kwawo wopanda chimene anapitira.

Phunziro lake ndi loti si zonse zimene umalipira zimene zimagulikanso. Tayala likatha ugula lina. Koma thanzi, mbiri yabwino, bwenzi lokhulupirika, zaka za ubwana wa mwana wako, zimenezi ukazipereka sitolo yake kulibe.

MayiWaAtatu
Aphunzitsi mwandikhudza. Ine ndinalandira ntchito yakutali ya malipiro owirikiza ana anga ali aang'ono, n'kuwasiya ndi mchemwali wanga. Ndalamazo zinagwira ntchito, onse atatu anaphunzira. Koma nthawi ina ndili patchuthi, wamng'ono anagwa n'kunyuka bondo. Ndinatambasula manja, iye anandidutsa akulira, n'kukakumbatira miyendo ya mchemwali wanga amene anali kumbuyo kwanga. Sanachite mwano, anangothamangira kwa munthu amene ankamudziwa. Lero ndi wamkulu, timalemekezana, koma akakhala ndi vuto amayamba wauza mayi ake aang'onowo.

Mukandifunsa ngati ndikanakana ntchito ija, yankho ndi ayi, chifukwa panalibe njira ina. Koma munthu asandiuze kuti zinali zaulere.

Tsokonombwe
Pepani mayi. Koma mukanakhala pakhomo, bwenzi lero akukukumbatirani ali osaphunzira. Pamenepo bwenzi tikuti mwapindula?

MayiWaAtatu
N'chifukwa chake ndati ndikanapitabe. Mbali zonse ziwiri kunali kulipira, ine ndinangosankha kumene ndikanatha kupirira.

Namwino_wausiku
Ndiwonjezereko za thupi, poti ndi zimene ndimaona kuntchito. Mu 2021 mabungwe a WHO (loona za umoyo padziko lonse) ndi ILO (loona za ntchito padziko lonse) anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 padziko lonse anafa ndi sitiroko komanso matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata. Poyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40, munthu wotereyu mpata woti achite sitiroko umakwera ndi 35 peresenti, ndipo woti afe ndi matenda a mtima umakwera ndi 17 peresenti. Chopweteka n'chakuti thupi silitumiza bilu mwezi womwewo. Limasunga, n'kudzaitanitsa zonse pakamodzi patapita zaka khumi kapena makumi awiri, nthawi imene munthu amati tsopano ndiyambe kudyerera.

Phindu_Mwachangu
Abale musavutike ndi ntchito zopha thupizo. Pali pulogalamu ya pa intaneti imene mukaika ndalama mumalandira 30 peresenti mwezi uliwonse mutangokhala. Ine ndalandira kale kawiri. Wofuna andipeze kumbali.

Woyang'anira_gulu
A Phindu_Mwachangu, malonda otere pagulu pano ndi oletsedwa. Mukabwerezanso tikuchotsani.

Dzidzidzi
Koma a woyang'anira, musangowaletsa, tifotokozereni. Mnzanga wina ali m'zoterezi ndipo akulandiradi, ndaona ndi maso anga. Chinyengo chake chili pati?

Wowerengera
A Dzidzidzi, tengani kakyuleta. Ndalama yobereka 30 peresenti mwezi uliwonse, mukamaisiya momwemo, pakutha chaka imakhala itachulukitsidwa ka 23. Dzifunseni kuti ndi malonda anji padziko pano amene amabereka chotero, ndipo ngati alipo, mwiniwakeyo akufuniranji ndalama zanu m'malo mokakongola kubanki pa chiwongola dzanja chochepa n'kudya yekha.

Mnzanuyo akulandiradi, sindikutsutsa. Koma akulandira ndalama za amene alowa pambuyo pake. Njira imeneyi inatchuka ndi Charles Ponzi ku Boston mu 1920. Iye ankalonjeza 50 peresenti m'masiku 45, ponamizira kuti amagula timakuponi ta positi kumaiko ena motchipa n'kudzagulitsa ku America. Oyamba analipidwa, n'kukaitana abale awo, ndipo chaka chisanathe zonse zinagwa. Bernard Madoff, wamalonda wa ku America, anachita zomwezo mwaulemu wake kwa zaka zambiri, osalonjeza zodabwitsa, kungoonetsa phindu losaphonya chaka ndi chaka. Atamangidwa mu Disembala 2008, mapepala a makasitomala ake ankaonetsa madola pafupifupi 65 biliyoni amene kunalibe. Anagamulidwa zaka 150 ndipo anafera m'ndende mu 2021. Ku Albania mu 1997 mabungwe otere atagwa, anthu anataya madola oposa 1 biliyoni, ena atagulitsa nyumba ndi ziweto kuti alowe nawo. Kunabuka zipolowe, boma linagwa, anthu pafupifupi 2,000 anafa.

Muuzeni mnzanuyo atulutse zake lero, ndipo asaitanenso munthu wina.

Dzidzidzi
Vuto ndi loti waitana kale mayi ake ndi alamu ake.

Namwino_wausiku
Ndiye ayambe kutulutsa za mayi akezo.

Nangondo
Nkhani ya mnzawo wa a Dzidzidzi yatibwezera pa funso lenileni. A Kafadala anafunsa kuti mtengo wobisika uli pati. Nthawi zambiri subisika, umangokhala pamsana pa munthu wina, ndiye wopindulayo sauona.

Taonani za Rana Plaza ku Bangladesh. Inali nyumba ya nsanjika 8 kufupi ndi Dhaka, m'mene munali mafakitale osoka zovala zogulitsidwa ku Ulaya ndi ku America. Pa 23 Epulo 2013 makoma anaoneka ming'alu. Banki ndi masitolo a pansi anatseka, antchito awo anauzidwa kuti asabwere. Koma osoka zovala anauzidwa kuti mawa alowe, ena anaopsezedwa kuti akakana sadzalandira malipiro a mwezi. Pa 24 Epulo m'mawa nyumba inagwa, anthu 1,134 anafa, oposa 2,000 anavulala. Amene anawakakamiza kulowa ankawerengera phindu la tsiku limodzi ndi maoda amene akanachedwa. M'kope lawo masamu anali olondola.

Chinanso ndi nyanja ya Aral, pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan. Inali yachinayi kukula padziko lonse pa nyanja zozunguliridwa ndi mtunda, pafupifupi masikweya kilomita 68,000. Kuyambira m'ma 1960 boma la Soviet Union linapatutsa mitsinje iwiri yoithira madzi, Amu Darya ndi Syr Darya, kuti azithirira minda ya thonje. Thonje linachulukadi, malipoti anakoma. Lero tauni ya Moynaq, imene inali doko la asodzi, ili kutali ndi madzi, zombo zachita dzimbiri pamchenga, ndipo mphepo imaulutsa fumbi la mchere ndi mankhwala a m'minda limene anthu amapuma. Amene anasaina mapulani aja ambiri anafa kale ali ndi ulemu wawo. Akulipira ndi adzukulu a asodzi.

Kafadala
Achemwali a Nangondo, zimene mwalembazi n'zomvetsa chisoni, koma mosadziwa mwandithandiza. Ngati wolipira ndi wina, ndiye kuti mwambi uja ndi wabodza kwa wopindulayo. Iye walira mvula, matope aponda ena. Ndiye amene akuchenjezedwa ndani? Si ife ang'onoang'ono tomwe, kuti tiziopa, pamene akuluakulu akudya osalipira?

Tsokonombwe
Apa ndiye pagona nkhani. Yankhani pamenepa.

Mphunzitsi_wopuma
Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindikunamizani kuti aliyense wodyera anzake amalangidwa tikuona. Mwini wa Rana Plaza, Sohel Rana, anagwidwa patangopita masiku ochepa akuthawira kumalire a India. Koma makampani ambiri amene ankagula zovalazo anapitiriza malonda awo. Chimene chinasintha n'chakuti anthu atakwiya, makampani oposa 200 anasaina pangano loti mafakitale a ku Bangladesh aziyenderedwa ndi kukonzedwa. Ndiye kuti mtengo wina unabwezedwa kwa eni ake, koma sunabwerere wokha, anachita kuukankha anthu.

Nthawi zina matope amafika ndithu kwa onse. Kunyanja ya kufupi ndi Newfoundland ku Canada anthu anapha nsomba za cod kwa zaka pafupifupi 500 osatha. Zitabwera zombo zikuluzikulu zokokolola, mu 1968 mokha anapha matani oposa 800,000. Asodzi a mabwato ang'onoang'ono anayamba kudandaula kuti nsomba zikuchepa ndi kuchepa msinkhu, koma sanamvedwe. Mu Julayi 1992 boma linaletsa usodziwo, poganiza kuti pakatha zaka ziwiri nsomba zibwerera. Anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito, mafakitale anatsekedwa, ndipo chiletsocho chinakhala zaka zoposa 30. Wamkulu ndi wamng'ono yemwe anasowa chopha, ngakhale kuti wamkuluyo anali ndi kothawira.

Ndiye yankho langa ndi ili. Mwambi sulonjeza kuti wodya ndi amene adzalipire. Umangoti palibe chodyedwa chopanda wolipira. Ukadziwa zimenezo umatsala ndi funso limene masamu sangakuyankhire, loti kodi ndine wokonzeka kudya chimene akulipira ndi munthu amene sanavomere? MayiWaAtatu analipira okha, ndi maso otsegula, pofuna ana awo. Amene anakankhira osoka aja m'nyumba yong'aluka analipiritsa ena. Onse awiri tingati anafuna phindu, koma si anthu ofanana.

Mtumiki_wamng'ono
Zonsezi zinafunsidwa kale pa Marko 8:36, za munthu wopata dziko lonse n'kutaya moyo wake. Wodyera ena amalipira ndithu, kungoti amalipira ndi chimene iye akusanduka.

Tsokonombwe
Abusa, vesi limenelo ndimalilemekeza. Chimene chimandiwawa n'chakuti kawirikawiri limawerengedwa kwa wantchito wopempha kuti amukwezere malipiro, osati kwa bwana womumana.

Mtumiki_wamng'ono
Mukunena zoona, ndipo kumeneko ndi kuligwiritsa ntchito molakwa. Wopempha malipiro oyenera sakufuna dziko lonse.

Njinga_yakale
Ine ndabwera mochedwa, koma ndikuona ngati tikukamba ngati kuti chilungamo ndi phindu ndi adani nthawi zonse. Si choncho. Mu 1982 ku Chicago anthu 7 anafa atamwa mankhwala ochepetsa ululu a Tylenol amene munthu wina anaikamo poizoni. Kampani ya Johnson & Johnson, eni ake a mankhwalawo, inachotsa m'masitolo mabotolo pafupifupi 31 miliyoni dziko lonse la America, n'kutaya madola pafupifupi 100 miliyoni, ngakhale kuti imfazo zinachitika dera limodzi. Ambiri ankati mankhwalawo athera pomwepo. Koma anabwereranso ndi mabotolo omata bwino, ndipo pasanathe nthawi yaitali anthu anayambanso kugula. Henry Ford, mwini fakitale ya magalimoto ku America, nayenso mu 1914 anakweza malipiro kufika madola 5 patsiku, kuwirikiza kawiri, n'kuchepetsa maola kuchoka pa 9 kufika pa 8. Anzake ankati wapenga. Koma antchito ankathawa ntchito yotopetsa ya m'fakitale yake mwaunyinji, ndipo kuphunzitsa atsopano tsiku lililonse kunkamudyera ndalama zambiri. Atakweza malipiro anthu anakhazikika.

Kafadala
Ndiye onsewo sanachite chifukwa cha chifundo. Anangowerengera patali kuposa anzawo.

Njinga_yakale
Za mumtima mwawo sindingaziweruze. Koma ngakhale zikhale choncho, kuwerengera patali si ndiye nzeru imene mumati kulibe?

Nangondo
Ine apa ndisiyana nanu pang'ono a Njinga. Nkhani zoterezi zimakoma chifukwa zinatha bwino, koma zingatinamize kuti ukachita chilungamo ndalama zidzabwera basi. Alipo amene anakana chiphuphu n'kuluza kontirakiti, ndipo sinabwerenso. Alipo amene anauza kasitomala chilema cha katundu, kasitomalayo n'kukagula kwa wabodza wa pafupi. Ameneyo sanapindule ndalama, ndipo tisamunamize kuti adzapindula. Anagula chinthu china, kugona tulo ndi kutha kuyang'ana anthu m'maso, ndipo analipira mtengo wake wonse. Ngati tiphunzitsa ana kuti chilungamo chimalipira nthawi zonse, tsiku loyamba limene sichidzalipira adzachitaya.

MayiWaAtatu
Zoona achemwali. Ana aziuzidwa mtengo wa zonse ziwiri.

Kafadala
Pa za wolipira ndi wina, ndagonja, mfundoyo ndi yolimba. Koma pa chiyambi changa sindinasunthe kwenikweni. Alipobe anthu amene amaponya miyambi pofuna kukufooketsa, osati kukuchenjeza. Ungawasiyanitse bwanji?

Mphunzitsi_wopuma
Mufunseni kuti matope akewo ndi ati. Wokuchenjeza adzakutchulirani: ngongole iyi chiwongola dzanja chake chikuposa zimene malondawo amabereka, mnzanu mukulowa nayeyu anasiyana moipa ndi anzake awiri, maola awa thupi lanu silingapirire. Wansanje sadzatchula kanthu, adzangobwereza mwambiwo.

Dzidzidzi
A Wowerengera, ndibwerere kwa inu. Mwati munthu azidzilipira yekha m'bizinesi yake. Malipirowo ungawadziwe bwanji, poti mwini ndiwe wemwe?

Wowerengera
Funsani kuti mukanalemba munthu wina kuti agwire ntchito yomweyo, maola omwewo, mukanamupatsa zingati. Imeneyo ilembeni ngati ndalama yotuluka mwezi uliwonse, muitenge, ndipo zapakhomo zizichokera pamenepo basi, osapisanso dzanja m'thumba la bizinesi. Ngati mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mwana wanu amathandiza, naye mulembereni yake. Chipangizo chilichonse chachikulu, gawani mtengo wogulira china ndi miyezi imene mukuyembekeza kuti chikhala, ndalamayo muziika padera pamene simungaifikire msanga. Chitani zimenezi miyezi itatu yotsatizana musanaweruze, chifukwa mwezi umodzi umanama.

Dzidzidzi
Nanga zikapezeka kuti ndikadzilipira sipatsala kanthu?

Wowerengera
Ndiye kuti muli ndi ntchito, osati phindu, ndipo zimenezo si zochititsa manyazi. Kungoti musakatenge ngongole yokulitsira musanapeze pamene pakudontha. Yambani ndi kuona mitengo yanu ndi mndandanda wa amene akukusungirani ndalama. Mukafuna, lembani ziwerengero za mwezi wathawu pano mutachotsa maina a anthu, tiziunike limodzi.

Tsokonombwe
Nanenso ndilemba zanga. Koma mundiuzenso mmene ndingawerengere katundu amene wakhala pashelefu chaka chathunthu osagulidwa, chifukwa ine ndimamuwerengabe pa mtengo umene ndinaodera.